Mutu 6: Mabanzi a Sinamoni

1. Ulimbo wochuluka

M'holo ya timu ya Lindhamra munatsala anthu awiri okha. Osewera akuluakulu anali atapita kale kukasamba, ndipo kuseka kwawo kunkamveka chapatali kuseri kwa zitseko. Pabwalo panali Majken ndi mnzake Idun, atsikana a zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri, a kalasi imodzi, okwera basi imodzi.

"Inanso pang'ono," anatero Idun ali pagolo. Ankadumphadumpha ngati waponda khala lamoto.

"Iwe, mkono wangawu ukuuyesa wobwereka? Tiye tizipita, basi itisiya."

"Pang'ono pokha. Loweruka sakandiponyera timipira tachifundo ngati takoti."

"Tachifundo eti? Imirira bwino ndikuonetse chifundocho."

Nkhani ya Loweruka inali itamulanda Idun tulo ndi njala yomwe. Wapagolo wachiwiri wa timu ya amayi anali atavulala bondo, ndipo kochi, a Torbjörn, anaitana Idun kuchokera ku timu ya atsikana kuti atenge malowo. Anamuuza kuti akonzeke, mwina adzamulowetsa pa mapenate. Mwana amene anayamba kuima pagolo jezi ikumufika m'mawondo, tsopano amakasewera mu ligi yaikulu ya dziko lonse la Sweden ya mpira wamanja, uja wokhala ndi wapagolo osati wa ntchemberembaye.

Majken ankasewera pakona yakumanzere ku timu ya atsikana, koma ankakonzekera limodzi ndi akuluakulu. Ntchito ya wapakona ndi kuthamanga, kudumphira kutsogolo kwa golo, n'kuponya ali m'malere, nkhope yake ndi ya wapagolo zitayang'anizana pafupi. Anawerama n'kutapa ulimbo umene osewera amamata kuchidendene cha nsapato kuti mpira uzigwirika ndi dzanja limodzi. Chifukwa cha kutopa ndi changu, anatapa wochuluka. Zala zinachita kumatana.

Anathamanga, nadumpha. Maso ake anali pa kampata ka pamwamba pa phewa la Idun. Koma mpira unakakamira kuzala kamphindi kakang'ono, n'kuchoka mochedwa.

Phwa!

Unamupeza Idun pamphumi penipeni. Mutu unabwerera m'mbuyo n'kukagunda mtengo wa golo. Mtsikanayo anangoti khu pansi, miyendo ili tambalale.

"Mayo ine! Idun! Ukundimva?"

Idun anaphethira kangapo ngati munthu wodzutsidwa tulo tisanathe.

"Ndikukumva. Usakuwe."

"Ndikaitane a Gunvor."

A Gunvor anali dokotala wa timu, ndipo nthawi imeneyo anali akadali m'kachipinda kawo kulongedza mabandeji. Majken atangotembenuka, Idun anamugwira mwendo.

"Ukapita kumeneko, ine ndi iwe zathera pano. Ukudziwa zimene achite. Akangomva za mutu, Loweruka langa lapita."

"Koma wagunda mtengo."

"Mtengowo wadandaula? Ndangoona tinyenyezi, tatha kale. Lumbira kuti suuza munthu."

Majken anayang'ana kuchitseko, nayang'ana mnzake uja.

"Sindiuza munthu."

"Ndipo mabanzi usaphike."

Apa ndi pamene panagona nkhani. Ku Lindhamra kunali lamulo losalembedwa, lakale kuposa osewera onse a m'timumo. Ukamenya wapagolo m'mutu pokonzekera, umaphikira timu yonse mabanzi a sinamoni. Osati ogula kusitolo ayi, koma okanda ndi manja omwewo amene analakwa. Munthu akalowa m'chipinda chovalira atanyamula thireyi yovundikira ndi kansalu, panalibe wofunsa kuti kwagwanji. Funso linali limodzi lokha: mutu wa ndani?

"Sindiphika," anatero Majken.

2. Chipewa m'nyumba

M'mawa mwake Majken sanamve chilichonse chimene aphunzitsi ankanena. Maso ake anali pa Idun.

Idun anabwera atakokera chipewa chaubweya mpaka m'nsidze, ndipo sanachivule m'kalasi. Anasiya mpando wake wa pawindo n'kukakhala kumbuyo. Nthawi ya chakudya anapatsidwa nsomba ndi mbatatesi, koma anangozitembenuzatembenuza ndi foloko. Potsika masitepe anagwirira khoma, iye amene masiku onse ankatsika ngati mbuzi pathanthwe.

"Kodi Loweruka tikusewera kwathu kapena koyenda?" anafunsa Idun ali patebulo.

"Kwathu."

Akukwera basi yopita ku holo, anafunsanso.

"Paja Loweruka tikusewera kwathu kapena koyenda?"

"Kwathu, Idun. Ndakuuza kale."

"Ndimangokuyesa," anatero Idun, nayang'ana kumbali.

Tsikulo sikunali kuthamanga. Timu inakhala m'chipinda kuonera kanema wa adani awo a ku Norrsund. Sanna, wapakona wamkulu wa kumanzere, sanabwere chifukwa thupi linali litatentha. Nella, wapagolo woyamba, anabwera ndi kamwana kake kakakazi, ndipo kamwanako kanapeza ntchito yomenyetsa botolo la madzi pabenchi. Botolo likati go, Idun ankatsinzina. Kanema akawala, ankaphimba maso ndi dzanja ngati akuganiza mozama.

Majken anasintha kakhalidwe pampando mpaka Nella anamugunda ndi chigongono.

"Mwana iwe, pampando pali nyerere? Ukundichititsa chizungulire."

Kanema atatha, a Torbjörn anaimirira.

"Mwawaona. Amaponya ali patali, ndipo amaponya mokwera. Ndiye mawa ndi tsiku la moto. Oponya nonse, apagolo athu awiriwa muwakazinge mpaka azolowere."

Anthu akutuluka, a Gunvor anakodola Idun. Anali mayi wachikulire, wa imvi zometa, wosadziwa kufulumira.

"Takhala pansi apa, Idun. Nawenso Majken usathawe, apakona ndinu amene mumandibweretsera ntchito. Mawu awa ndimauza wapagolo aliyense asanalowe mu ligi yaikulu, ndiye usati ndakuona cholakwa.

"Kumene ukupitaku mpira suuluka ngati wa ku timu ya atsikana. Oponyawo ndi azimayi amene anakulira m'chipinda chonyamulira zitsulo. Chala chikathyoka, ine ndimanga. Bondo likamasuka, akuchipatala asoka, ulira chaka chathunthu, ubwereranso. Koma mutu ndilibe bandeji yake. Ubongo uli ngati dzira. Ukaligwedeza, chigoba chimaoneka bwinobwino, koma m'kati zasokonekera.

"Kugunda koyamba kumachira ngati munthu wapumula. Choopsa ndi kugunda kwachiwiri, kobwera koyamba kuja kusanapole. Ndinaona mtsikana wina wa timu ina, dzina sinditchula. Pagolo pake sipankadutsa ngakhale ntchentche. Anabisa mutu chifukwa cha masewero amodzi. Lero amakhala m'nyumba makatani ali chitsekere. Mwana wake akalira, iye amathawira kubafa n'kutseka makutu. Masewero anabisira mutu aja, ngakhale ine sindikumbuka kuti anapambana ndani.

"Ndiye tamvera, mwana wanga. Mpira ukakugunda m'mutu, kaya pali anthu kaya uli wekha, ubwere kwa ine. Tiyenda ngati okwera makwerero: kupumula, kenako kuyenda, kenako kuthamanga, pomaliza pagolo. Palibe kulumpha. Ligi sithawa. Inalipo iwe usanabadwe."

"Ndamva, a Gunvor," anatero Idun akumwetulira.

"Nanga chipewa m'nyumba muno?"

"Tsitsi sindinapese. Ndingaopseze kamwana ka Nella."

A Gunvor anaseka, kenako anatembenukira kwa Majken. Majken anawerama n'kuyamba kumanga chingwe cha nsapato chimene chinali chomanga kale.

Podikira basi yobwerera, Idun anazungulira kuseri kwa kashedi n'kusanza pachipale chofewa chimene chinagwa pansi.

"Ndi nsomba ija," anatero akupukuta kukamwa.

"Nsomba sunadye."

"Ndiye ndi fungo lake. Unalumbira, Majken. Usandiyang'ane choncho."

3. Manja omwewo

Lachinayi phunziro lomaliza litangotha, Majken anathamangira kunyumba osamudikira Idun. Anaponya chikwama pansi. Analowa m'chipinda chake, natulukanso. Anatsegula kabati ya ufa, naitseka. Anamwa madzi asali ndi ludzu. Anatsegulanso kabati ija.

Ulimbo unali ukadali m'zikhadabo. Anaupukuta ndi mafuta odzoza ana mpaka zala zinafiira, nasamba m'manja, n'kutulutsa ufa, mkaka, batala ndi isiti.

Mayi ake, a Ulrika, anamupeza akukanda. Anaima pakhomo la khitchini jasi likadali m'thupi. Anaona botolo la sinamoni patebulo, naona nkhope ya mwana wawo.

"Mutu wa ndani?"

Majken anapitiriza kukanda. Misozi inagwera mu ufa.

"Ndikufunsa, Majken. Wa Nella?"

"Wa Idun. Lachiwiri, tili awiriwiri. Anandilumbiritsa kuti ndisanene."

"Akudya?"

"Sakudya."

"Wasanza?"

"Dzulo."

A Ulrika anakhala pampando jasi lili chivalire. Nthawi yomweyo foni ya Majken inalira patebulo. Unali uthenga wa Idun: "Wandithawa bwanji? Mutu wasiya. Tikumana pa basi, mnzanga weniweni."

Majken anachotsa manja m'mbale.

"Akuti wasiya, amayi. Mwina wasiyadi. Ufawu ndiutaye, kapena tiphike tidye tokha muno."

"Vundikira mbaleyo ufa utupe, ukhale pansi," anatero a Ulrika. "Mwana wanga, zinsinsi sizofanana. Idun akakuuza mnyamata amene wamugwera mumtima, sunga, ngakhale ine usandiuze. Akakuuza kuti mayeso anamuvuta, sunga. Koma chinsinsi chimene chingamugoneke munthu pa machira si chako, ndipo si chakenso. Ndi cha mayi ake, amene pano ali kuntchito mtima uli m'malo, osadziwa kanthu.

"Iwe ndinkakunyamula dzanja langa lili kunkhongo kwako, kuopa kamutu kako kangagwedezeke. Utayamba kukwawa, ngodya ya tebulo lililonse m'nyumba muno ndinaimata zofewa. Unayamba kupalasa njinga ine ndikuthamanga pambuyo pako ngati wamisala. Mayi ake a Idun anachita zomwezo. Ndiye lero mutu umene ausamala zaka zonsezi ukaikidwe kutsogolo kwa mipira, iwe uli chiimire, chifukwa choti unalumbira? Unalumbira kwa munthu amene anali atangogunda mtengo. Ankadziwa chimene akupempha?

"Usadzinamize, akwiya. Mwina sakulankhula mpaka chipale chisungunuke, mwina kupitirira apo. Akuluakulu anati wakutsina khutu ndi mnansi, koma sananene kuti khutulo silipweteka. Limapweteka, ndipo wotsinidwayo sathokoza tsiku lomwelo."

"Bwanji inuyo muwaimbire mayi ake?" anafunsa Majken. "Munene kuti mwangomuona akuyenda mosadziwika bwino. Ine ndisatchulidwe."

"Foni ndili nayo. Koma mpirawo anaponya ndani? Lumbirolo anachita ndani? Ukabisala kumbuyo kwanga, uzikhala naye mpando umodzi pa basi, iye akukudandaulira za munthu womuulula, iwe ukugwedezera mutu. Ungakwanitse zimenezo mpaka liti?"

Majken anazungulira tebulo, nasuzumira m'mbale, nazunguliranso. Ufa unatupa mpaka kukankha kansalu. Pamenepo anawaza ufa wouma patebulo, nafutukula wokandawo, napaka batala, nawaza shuga ndi sinamoni, napinda, nadula. A Ulrika sanagwireko ngakhale supuni. Anangoyatsa uvuni.

Potuluka ndi thireyi, kunja kunali kutada kale monga kumachitira nyengo yozizira, ngakhale ana a sukulu anali akadali m'njira. Atacheuka anaona mayi ake ali pawindo, foni ili m'manja.

4. Pakhomo la holo

Idun anali kale pa kashedi ka basi, chipewa chili m'nsidze. Ataona Majken anakweza dzanja. Ataona thireyi, dzanjalo linatsika.

"Chimenecho n'chiyani?"

"Ukuchidziwa."

Basi inafika. Idun anakhala kutsogolo, Majken kumbuyo, thireyi ili pamiyendo, yofunda ngati mwana wogona. Fungo la sinamoni linadzaza basi yonse. Bambo wina wachikulire ananunkhiza n'kunena kuti, "Odala akudikira zimenezo." Majken analephera ngakhale kumwetulira.

Atatsika, Idun anamutsekera njira pafupi ndi bini ya zinyalala ya pakhomo la holo.

"Taya."

"Idun..."

"Taya umo, kapena ukawapatse a dalaivala, kapena agalu. Palibe wationa."

"Sukudya, ukusanza, kuwala kukukupweteka. Ukuganiza kuti ine ndilibe maso?"

"Maso uli nawo, koma mtima ulibe. Ukudziwa kuti ndadikira nthawi yaitali bwanji? Iwe ukagoletsa anthu amaomba m'manja. Ine zaka zonsezi ndi zala zotupa, ntchafu zakuda ndi mipira, kuima pagolo pozizira anzanga akuthamanga. Wovulala bondo uja akachira, wandiitana ndani? Ungondipatsa Loweruka lokha. Lolemba ndikanena ndekha kwa a Gunvor, ndikulonjeza."

"Nanga lero? Sunamve kochi? Lero ndi moto."

"Yakumutu ndiziizemba."

"Wapagolo wozemba mpira? Iweyo? Ungathe?"

Idun anamugwira mkono. Mawu ake anatsika.

"Majken, mnzanga. Ndani ankakunyamulira chikwama utathyoka chala? Ndani ankatsala nawe m'holo kuti uphunzire kuponya? Chonde."

Majken anayang'ana bini ija. Chivundikiro chake chinali chotsegula. Thireyi inayamba kulemera m'manja mwake, ndipo anasuntha phazi limodzi kulowera kubiniko.

"Eya, choncho," anatero Idun. "Ukapanda kutero, basi ya timu inyamuka Loweruka ine ndisalimo, ndipo sindidzakukhululukira."

Majken anaima.

"Basi yake iti?"

"Ya timu. Yopita ku Norrsund."

"Idun, sitikupita ku Norrsund. Akubwera ndi iwowo. Tikusewera m'holo ino. Dzulo unandifunsa, ndinakuuza, unandifunsanso, ndinakuuzanso."

Idun anayang'ana chitseko cha holo ngati akuchiona koyamba.

Majken anamulambalala, nakankha chitsekocho ndi phewa.

5. Mutu wa ndani?

M'chipinda chovalira munali phokoso la masiku onse. Ena ankamanga zala ndi tepi, ena ankalimbirana nyimbo. Woyamba kununkhiza anali Nella.

"Eee! Ndikumva fungo la mlandu!" anakuwa, nakwera pabenchi. "Azimayi, mabanzi alowa! Kamwana ka pakona kachimwa!"

Onse anaomba m'manja ndi kuimba mluzu. Wina anachotsa kansalu n'kutola banzi.

"Akadali otentha! Majken, uzichimwa sabata iliyonse."

"Koma taimani," anatero Nella akudzigwira pamphumi ndi kunkhongo. "Wangawu uli bwinobwino. Kapena wandimenya kwambiri mpaka ndaiwala? Mutu wa ndani, mwana iwe?"

Idun anali ataima pakhomo.

"Ndi tsiku lobadwa la mayi ake," anatero msangamsanga. "Atsala kunyumba, ndiye wabweretsa."

Kuseka kunayamba kuzirala. Nella anatsika pabenchi. Anayang'ana Idun ndi chipewa chake, nayang'ana Majken.

"Mutu wa ndani, Majken?"

"Wa Idun," anatero Majken. Mawu anatuluka aang'ono, ndiye anabwereza mokweza. "Wa Idun. Lachiwiri, nonse mutapita kukasamba. Ulimbo unachuluka, mpira unachoka mochedwa. Unamugunda pamphumi, mutu n'kugunda mtengo. Dzulo wasanza. Akuiwala zinthu."

Amene anatola banzi uja analibweza pathireyi ataluma kale. Nella anatuluka, ndipo anabwerera ndi a Gunvor, a Torbjörn ali pambuyo.

"Ndili bwino!" anatero Idun. "Akunama! Ndi nsanje chabe, poti ine ndaitanidwa iye ayi!"

"Ngati uli bwino sitichedwa," anatero a Gunvor. "Vula chipewa. Imirira apa. Phazi ili kutsogolo kwa linzake, manja m'chiuno. Tsinzina."

Idun anatsinzina. Anaima kamphindi nsagwada zili zolimba. Kenako thupi linayamba kupendekera kumanzere ngati mtengo wodulidwa kutsinde. Nella anamuwakha asanafike pansi.

"Basi, mwana wanga, basi," anatero a Gunvor akumukhazika pabenchi. "Lero suima pagolo. Loweruka suima pagolo. Ndikuimbira mayi ako, mupite kuchipatala akakuone bwino."

Idun anabisa nkhope m'manja. Nella anakhala pambali pake n'kumukumbatira, ndipo nthabwala zonse zinali zitamuthera.

A Torbjörn anaitanira Majken m'khonde.

"Walankhula, ndipo wachita bwino. Koma walankhula mochedwa. Chikhala kuti dzulo linali tsiku la moto, bwenzi tikukamba zina pano. Mpira kugunda mutu si mlandu, zimachitika kwa wapakona aliyense, n'chifukwa chake timangolipiritsa mabanzi. Ukuganiza kuti amene anayambitsa mwambo umenewu anali ndi njala? Ankafuna kuti mutu ukagundidwa, timu yonse idziwe, wina asabise. Mlandu ndi kukhala chete. Ndipo kuyambira lero, palibe mwana wotsala m'holo muno popanda wamkulu. Wamva?"

"Ndamva, kochi."

Posakhalitsa mayi ake a Idun anafika akupuma mofulumira, makiyi a galimoto ali m'manja, mpango uli pambali. Anagwira nkhope ya mwana wawo ndi manja awiri n'kuiyang'anitsitsa nthawi yaitali. Potuluka anaima pamene panali Majken. Anamufinya phewa mwamphamvu mpaka kupweteka.

Idun anadutsa osamuyang'ana. Atafika pachitseko anatembenuka.

"Loweruka langa wadya ndiwe, Majken. Udye ndi mabanzi akowo. Pa basi usadzakhalenso pafupi ndi ine."

Chitseko chinatsekeka. Majken anatsala ataima, manja ali lende.

"Wamva mmene wakutchulira dzina bwinobwino?" anatero a Gunvor chapansipansi. "Akudziwa kuti ndiwe ndani, akudziwa chimene wamulakwira, ndipo chaka chamawa adzakhala akuchikumbukira. Zimenezo ndi zimene wamugulira ndi mabanzi ako. Pukuta m'maso, ukathamange."

6. Mkono

Pabwalo moto unayaka monga ananenera kochi, koma pagolo panali Nella yekha. Oponya ali patali atamaliza, inafika nthawi ya apakona. Sanna anali asanachirebe, choncho kumanzere kunali Majken yekha.

Anawerama kuchidendene. Ulendo uno anangokhudza ulimbo ndi nsonga ya chala.

"Tiye, wamabanzi!" anakuwa Nella akuomba m'manja. "Bwera nawo, ine sindine dzira!"

Mpira unabwera. Majken anauwakha, nathamanga, nadumpha. Kampata kanalipo pamwamba pa phewa la Nella, poyera. Koma pambali pa kampatako panali mphumi. Mkono unakwera, n'kuuma m'mwamba momwemo. Majken anatera pansi mpira ukadali m'dzanja.

"Bwereza!" anatero a Torbjörn.

Anabwereza. Anadumpha, naona mphumi, mkono n'kukananso. Kachitatu anauponya dala kutali, mpira n'kukagunda khoma. Anzake anayang'anana. Nella anatsitsa manja.

A Torbjörn anali atapita pambali kukayankha foni, ndipo kuponya komalizaku sanakuone. Anabwerera akuika foniyo m'thumba.

"Majken, tabwera. Amene amaimbayu ndi Sanna. Dokotala wamuletsa kudzuka sabata ino. Ukauze mayi ako agule matikiti. Loweruka pakona yakumanzere uyamba ndiwe."

Majken anayang'ana kugolo kumene Nella ankamudikira, kenako anayang'ana dzanja lake. Linali lomwe lija limene linali litangokana kuponya.